PSP yanga ndi maola odikira lole pa Lizulu

Ntchito yogula mbatatesi, mbali yake yaikulu ndi kudikira. Anthu odutsa pa minibasi akaona matumba atasanjikizana m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lizulu kapena pa Bembeke amayesa kuti tsiku lonse timakhala tili yakaliyakali. Ayi ndithu. Kunenerera mtengo kwa mlimi, kuchotsa zowola, kuthira m'matumba ndi kusoka, zonsezi zimatha dzuwa lisanapendeke. Zikatero mumangokhala. Dalaivala wa lole akuti wanyamuka pa Ntcheu boma. Pakapita ola akuti tayala laphulika pa Mlangeni. Kenako foni yake siikupezekanso. Katundu simungamusiye, kunyumba simungapite. Anzanga ena amalowera kokamwa, ena amagona pamwamba pa matumba atadzikulunga m'bulangete, ena amatchaya bawo mpaka mdima uwalepheretse kuwerenga njere. Ine ndimapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa PSP.

Amene simukuidziwa, PSP ndi kamakina kosewerera magemu kogwira m'manja, kopangidwa ndi kampani ya Sony. Dzina lake lonse ndi PlayStation Portable. Kanayamba kugulitsidwa ku Japan mu Disembala 2004, ku America ndi ku Europe kanafika mu 2005, ndipo pamene Sony inkasiya kukatumiza m'masitolo mu 2014 n'kuti anthu atagula pafupifupi 80 miliyoni. Yanga ndi ya mtundu wa PSP-3000, umene unatuluka mu 2008: yakuda, yopepuka, magalamu 189 okha, sikirini ya mainchesi 4.3. Anandibweretsera ndi alamu anga kuchokera ku Johannesburg pa mabasi aja amalowera pa boda ya Dedza, ataikulunga m'sokosi kuti isakalike. Iwo anaigula kwa munthu amene anali atatopa nayo. Ndiye kwa ine inafika ili kale nkhalamba, ndipo chitseko cha batire chimagwira ndi tepi.

Ife a msinkhu wanga tinayambira pa Brick Game, kamakina kotuwa kaja kolembedwa 9999 in 1, pamene magemu enieni analimo ochepa, ongosinthasintha liwiro. Tinkasanja njerwa zogwa kuchokera kumwamba osadziwa kuti masewerawo ndi Tetris, amene Alexey Pajitnov anawapanga ku Moscow m'zaka za m'ma 1980. Kenako inabwera njoka ya pa Nokia. Choncho tsiku limene ndinaona osewera mpira akuthamanga m'manja mwanga, ali ndi nkhope ndi manambala kumsana, ndinaiwala kuti tiyi akuzizira.

Funso limene ndimalandira kwambiri ndi lakuti, "Nanga foni muli nayoyo yalakwanji?" N'zoona, foni za Android za masiku ano zili ndi mphamvu kuposa PSP kutalitali. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa PPSSPP, imene Henrik Rydgård wa ku Sweden anaiyamba mu 2012, yopangitsa foni kusewera magemu a PSP omwewo, moti anyamata ambiri a pa Dedza boma amene amati "ndikusewera PSP" sanaigwirepo n'komwe yeniyeniyo. Koma foni yanga ndiyo ofesi yanga. Ndalama za katundu zili mmenemo, manambala a ogula a ku Lilongwe ali mmenemo, dalaivala amaimba mmenemo, uthenga wa maliro wa kumudzi umafikira mmenemo pa gulu la WhatsApp. Batire lake likathera pa mpira usiku pa Lizulu, lole idutsa ine ndili chikhalire pa matumba. Ndiye moto wa m'foni ndimauumira. Komanso yesani kudina mabatani ongojambula pa galasi ndi zala zouma ndi chisanu cha mu Juni. Kuno tili pamwamba, boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mphepo yake ikalowa m'zala simumva kuti mwadina kapena ayi. Mabatani a PSP amamveka pansi pa chala ngakhale mumdima.

Chinanso chimene ndimaikondera ndi kabatani ka pambali kozimitsira. Mukakakankha pang'ono, PSP imagona pomwepo, gemu itaima pamene inali. Lole ikatulukira mumangokankha, kuponya m'thumba, kuthamangira kokweza katundu. Mawa lake ku Lilongwe mutamaliza kutsitsa, mukaidzutsa mupeza kona ija isanagwe, mpira udakali m'malere. Ndikhulupirira kuti amene anaipanga ankaganizira anthu a ku Tokyo okwera sitima popita ku ntchito, oti atsika pa siteshoni yotsatira. Za ogula mbatatesi sanaganizeko, koma zinatikwana.

Gemu imene yadya maola anga ambiri ndi ya mpira, Pro Evolution Soccer ya kampani ya Konami, imene tonse timangoti PES. Yomaliza kutuluka pa PSP ndi PES 2014, choncho m'kamakina kanga mpira unaima mu 2013. Messi adakali ku Barcelona, Cristiano Ronaldo adakali ku Real Madrid, Rooney akuvalabe yofiira ya Manchester United. Matimu ena a ku England alibe n'komwe mayina awo enieni chifukwa Konami inalibe chilolezo chowagwiritsa ntchito: Chelsea ndi London FC, Arsenal ndi North London, Liverpool ndi Merseyside Red. Ana a lero akaona zimenezi amaseka, amafunsa kuti Haaland mwamubisa kuti. Koma muli malo osinthira mayina ndi mitundu ya yunifomu, ndipo muphwa wanga anatha tchuthi chathunthu akumanga ligi yathu: Bullets, Wanderers, Silver, ndi Dedza Dynamos imene anaikondera poipatsa osewera amphamvu kuposa a Barcelona. Anapanganso Gabadinho Mhango n'kumudzazira mphamvu yoombera patali, pokumbukira chigoli chija anachinya Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022.

Pa Lizulu pali mnyamata wina wokazinga tchipisi amene naye ali ndi PSP, yake yakale kwambiri, yonenepa ija ya PSP-1000. Makina awiriwa amalankhulana okha popanda intaneti, popanda bandulo, popanda netiweki ya kampani iliyonse. Mumangoyatsa kabatani ka WLAN, nonse n'kusankha Ad Hoc, basi mwakumana m'bwalo limodzi, aliyense akuyang'ana sikirini yake. Timakhala pa benchi pafupi ndi chiwaya poti ndi pamene pali moto.

"Akulu, mwatenganso Barcelona? Tatengani timu yosauka tione ngati mumathadi."

"Iwe, tayang'ana chiwaya uko, tchipisi cha kasitomala chikupserera."

"Chipserere, ndikuchinyeni kaye."

Pofika apa n'kuti kumbuyo kwathu kwadzaza mitu. Onyamula matumba, akabaza, ana ogulitsa mazira owiritsa, onse akusuzumira pa mapewa athu, wina akuchita kulengeza mpirawo mokuwa mpaka amayi ogulitsa kabichi kumukalipira. Lamulo ndi lomwe lija la pa bawo: woluza adzuke, apatse wina. Ndiye kamakina kopangidwira munthu mmodzi wovala mahedifoni kamayenda m'manja mwa gulu lonse, ine mwini wake n'kusanduka woonerera, ntchito kumangokumbutsa kuti apukute kaye manja amafutawo. Msewu wa pa Lizulu ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique, ndipo anzathu a ku Angónia akaoloka kudzasewera sasankha ina koma Benfica kapena Porto. Chilankhulo n'chimodzi, maukwati timakwatirana, koma pa timu sitigwirizana.

Za mafilimu ndi nkhani ina. Sony inkafuna kuti PSP ikhalenso kanema woyenda naye. Inapanga kachimbale kakekake kotchedwa UMD, kakang'ono, kotsekeredwa m'kachibokosi ka pulasitiki, kotenga mpaka magigabayiti 1.8, ndipo pa timbale timeneti ankaikapo magemu ndi mafilimu omwe. Malonda a mafilimuwo sanayende. Filimu ya pa UMD sinkaoneka pa china chilichonse kupatula PSP, ndiye munthu woti ali kale ndi DVD sankaona chifukwa chogulira kawiri. Pofika 2006 makampani ena a mafilimu anali atayamba kubwerera m'mbuyo. Ine filimu ya pa UMD sindinaionepo ndi maso. Zathu kuno ndi za pa memori.

Memori ya PSP nayo ndi yakeyake, Memory Stick PRO Duo, yosowa ndiponso yodula. Chimene ambiri timachita ndi kugula ka adaputa kolowetsamo microSD wamba, yomweyi ya m'mafoni. Vuto limadzabwera pa mtundu wa filimu, chifukwa PSP ndi yosankha. Mukangokopera filimu mmene mwaitengera kwa obena, nthawi zambiri imangolemba kuti Unsupported Data, zathera pomwepo. Imafuna MP4 ya mtundu wa H.264, yochepetsedwa kuti ifanane ndi sikirini yake ya timadontho 480 m'litali ndi 272 m'lifupi, ndipo muiike m'foda yotchedwa VIDEO. Mnyamata wobena nyimbo pafupi ndi depoti, nditamufotokozera, anayesayesa ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake mpaka zinatheka. Pano ndikangosuzumira pakhomo amati, "Amdala a PSP afika, lero ndi zingati?" Ubwino wake, filimu ikachepetsedwa chonchi imatsika kufika pa mamegabayiti 400 kapena 500, ndiye memori ya magigabayiti 16 imanyamula zoonera zambirimbiri, magemu ali pambali.

Si filimu iliyonse imene imakoma pa kasikirini kotere. Zankhondo zija zodzaza asilikali m'chigwa chonse, asilikaliwo amangooneka timadontho toyendayenda. Zojambulidwa usiku simuona kanthu mukakhala panja masana. Mawu olembedwa m'munsi aja ndi ang'onoang'ono moti maso amalengeza misozi. Zimene zimayenda bwino ndi zoti nkhani yake ili pakamwa: za ku Nigeria za apongozi ovuta ndi amuna a mitala yobisa, masewero athu a Chichewa, ndi zija amathira mawu ma DJ athu, pamene munthu wa ku China kapena ku India amalankhula Chichewa cha pa msika, DJ n'kumaonjezera zakezake zoti m'filimumo mulibe. Ena amati ma DJ amaononga filimu. Ine ndinakulira m'mavidiyo sho, m'kanyumba kamdima kotchinga ndi mapepala akuda, sipika ili panja kuitana anthu, ife tili pa mabenchi a thabwa limodzi, aliyense akuponya ndemanga yake. Filimu yopanda wolankhulira pambali imandisungulumwitsa.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankabwera mwa apo ndi apo. Nthawi imeneyo ndi pamene mayi akunyumba anagwirizana nayo PSP. Poyamba ankati, "Bambo, ndevu zonsezo, kumangodinadina zoseweretsa za ana? Anzanu akuonani bwanji?" Koma TV itakhala chete madzulo aliwonse, zinthu zinasintha. Ana akagona tinkalowa m'bulangete, PSP itatsamira pilo, mahedifoni mbali imodzi khutu langa, mbali inayo khutu lawo, poti timasipika take n'tofooka, mvula ikamagwa pa malata simumva kanthu. Batire la PSP-3000 ndi la 1200 mAh. Likakhala labwino limapirira maola anayi kapena asanu, langa lokalambali limafika filimu imodzi ndi theka mukachepetsa kuwala kwa sikirini. Imadya mavoti 5, choncho pawabanki kapena ka sola ka padenga kamaitchaja bwinobwino mukapeza chingwe chake. Lero iwo ndi amene amandikumbutsa ndikamatuluka: "Musaiwale kukabenetsa gawo lotsatira, mayi uja tinamusiya ali kupolisi."

Koma gemu imene inandidabwitsa si ya mpira kapena ya nkhonya. Ndi Patapon, ya Sony yomweyo, imene inatuluka ku Japan kumapeto kwa 2007. Muli tianthu takuda ta diso limodzi, tonyamula mikondo, ndipo simutiyendetsa ndi kandodo monga zikhalira m'magemu ena. Mumatiimbira ng'oma. Mabatani anayi a kudzanja lamanja aja ndiwo ng'oma zinayi: la makona anayi ndi pata, lozungulira ndi pon, la makona atatu ndi chaka, la X ndi don. Mukaimba pata pata pata pon, gulu limayenda. Pon pon pata pon, limamenya nkhondo. Chaka chaka pata pon, limadzitchinjiriza. Mumagunda kanayi, n'kudikira kuti tivomere, n'kugundanso, monga achitira wotsogolera nyimbo ndi ovomera pa chimtali. Mukafulumira kapena kuchedwa pang'ono, tianthuto timasokonezeka n'kuima.

Ine ndinkalimbana nayo ndi maso, kuyang'ana mzere woyera umene umaphethira m'mphepete mwa sikirini. Tsiku lina amalume anga a kwa Kasumbu anagona kwathu atabwera kudzagula feteleza pa boma. Iwowa anakulira pa ng'oma, ndipo foni yawo mpaka lero ndi ya mabatani. Anamvetsera kwa kanthawi ali phee, kenako anati, "Mphwanga, ukuthamangira kuti? Siya kuyang'ana, tamvera. Tabweretsa kuno." Ndinawaonetsa mabatani. Anaigwira mosazolowera, zala zikuluzikulu zokakala ndi khasu zitaphimba theka la sikirini, maso ali kudenga, chidendene chikugunda pansi. Sanaphonye. Gulu lija linalowa mu Fever, pamene nyimbo imakwera ndipo tianthuto timamenya mwaukali, ndipo anakhala mmenemo mpaka chinyama chimene chinkandikanika ine chinagwa. Anandibwezera n'kufunsa ngati nsima yapsa.

Pa ana pamafunika maso. Magemu otchuka kwambiri a PSP, monga God of War: Chains of Olympus ya 2008 ndi Grand Theft Auto: Vice City Stories ya 2006, ndi a akuluakulu, ku Europe pa chikuto chake amalembapo 18. Muli magazi, kutukwana, kulanda magalimoto, ndi zina zoti simungaonere pali apongozi. Koma kuno magemu amabwera opanda chikuto, ali mayina chabe pa memori, ndiye kholo silidziwa chimene mwana akudina kuseri kwa nyumba. Ine ndili ndi memori ziwiri. Ya ana ili ndi mpira, mipikisano ya magalimoto, Patapon, LocoRoco ndi makatuni. Inayo imakhala m'chikwama changa cha ndalama. Ndipo masiku a sukulu PSP imayenda ndi ine.

Poti ndatchula za magemu opanda chikuto, tisanamizane. Ma PSP ambiri amene ali m'manja mwa anthu kuno anatsegulidwa kuti azisewera magemu okopera pa memori, ndipo mafilimu ambiri a kwa obena eni ake salandirapo kanthu. Sitolo yogulitsa ma UMD atsopano kulibe, Sony inasiya kale kuwapanga, ndiye pa magemu mtima wanga suvutika kwenikweni. Pamene umandivuta ndi pa ntchito za Amalawi anzathu. Lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016 lilipo, bungwe la COSOMA lilipo, koma munthu woti wagulitsa mbuzi kuti ajambule sewero lake amaliona likuyenda m'mamemori a dziko lonse iye alibe ndi ya sopo yomwe. Za amenewa ndikapeza njira yolipirira, ndimalipira.

Anyamata ena akandiona pa msika amati, "Amdala mwatsalira, pano kuli Switch." Ndikudziwa. Nintendo Switch inatuluka mu Malichi 2017, Switch 2 mu Juni 2025, ndipo Steam Deck ya kampani ya Valve, imene kwenikweni ndi kompyuta yathunthu yogwira m'manja, inatuluka mu Febuluwale 2022, mtengo wake kuyambira madola 399. Switch ndinaigwirapo ku Lilongwe, ya mwana wa kasitomala wanga, ndipo zithunzi zake n'zokongola, ndani angakane. Koma makina atsopanowa ndi a m'nyumba zimene intaneti saiwerengera. Gemu imodzi ya pa Steam Deck imatha kupitirira magigabayiti 50, isanayambe n'komwe ikufuna update, sabata yamawa update ina. Tawerengerani bandulo yake. Kulemera kwake ndi magalamu 669, m'thumba la jekete siingalowe. Switch nayo silola kuti muike mafilimu anuanu pa memori n'kumaonera; ili ndi YouTube, imene ikufunanso bandulo yomweyo. Ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola aja anakwera kufika poti munthu wa mbatatesi amayamba wawerengera kuti ndi matumba angati a feteleza. Magemu a PSP ambiri sakwana magigabayiti 2, ndipo akalowa pa memori alowa, safunsanso kanthu.

Kukalamba kwake kokha ndiye kukuoneka. Kandodo koyendetsera, kamene PSP ili nako kamodzi kokha kumanzere, kamalowa fumbi la pa msika n'kuyamba kudzikokera mbali imodzi, wosewera wanu n'kumathamangira kunja kwa bwalo musanamutume. Wokonza mafoni pa boma anakatsegula n'kukapukuta ndi spiriti, kanachira. Choopsa ndi batire. Mabatire akale a PSP amatupa, makamaka akakhalitsa osagwira ntchito, mpaka kukankha chitseko chakumbuyo. Lotupa musalitchaje, musaliboole, musaliponye pamoto, lichotseni. Atsopano amene amapezeka si a Sony, ndipo manambala olembedwa pamwamba pakewo musawakhulupirire kwambiri, lina lolembedwa 3600 mAh limatha msanga kuposa lenileni la 1200. Mukafuna kugula PSP ya kaunjika, tsegulani kumbuyo muone batire, dinani batani lililonse kuphatikizapo L ndi R a pamwamba, yesani polowetsa mahedifoni ndi potchajira, ndipo ikanimo memori yanuyanu muone ngati ikuwerenga. Zoti chitseko cha UMD n'chogwedera zisakudetseni nkhawa, kuno simudzachitsegula kawirikawiri.

Yangayi ikadzafa, ndayamba kale kufunsira timakina ta ku China monga ta Anbernic, timene timasewera magemu akale pa microSD ndipo timatchajidwa ndi chingwe cha USB-C chomwechi cha mafoni. Wokazinga tchipisi uja akuti ndisayerekeze. Akuopa kuti sitidzalumikizana ndi yake, ndipo akuti zigoli zimene ndinamuchinya nyengo yokolola yapitayi sanabweze.